Musanasaine pepala la makina a magemu: kalata kwa komiti ya malo a achinyamata kuno kuchigwa

A Wapampando, a Mfumu, amayi ndi abambo nonse a mu komiti,

Pa msonkhano wa Lachinayi lapitali ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Nthawi ya mafunso itakwana dzuwa linali litapendeka kale, anthu ochokera kutali ayamba kusuzumira panja kufuna kabaza, ndipo mkono wanga sunaoneke. Sindikudandaula. Ndangoti ndilembe, komanso ndilembe poyera, kuti makolo amene sanabwere nawonso awerenge, poti ana tikukambawa ndi awo.

Nkhani ndi ya ndalama zimene abwenzi akufuna kwabwino apereka zokonzera chipinda cha achinyamata, ndi ganizo lija lakuti gawo lalikulu ligulire makina a magemu osewera ndi thupi: munthu kuimirira patsogolo pa TV, kuponya mkono, kudumpha, kuwerama, kamunthu ka pa TV n'kumatsanzira. Bambo amene anabwera ndi ganizoli anati ana athu angokhala pansi ndi mafoni, makinawa awadzutsa. Ena mwa inu munaseka, ndipo mayi wina anati ndi chikomekome cha mkuyu. Ine sindili kumbali ya amene anaseka. Komabe pepala lija momwe lalembedwera musalisaine.

Ambiri mumandidziwa, ndimakonza mafoni pa msika. Kuseri kwa kauntala yanga kuli ma TV awiri amene ana amalipira kangachepe kuti asewere. Ina ili ndi PlayStation ya mpira. Inayo ili ndi Wii, kamakina koyera kamene achimwene anga anabwera nako kuchokera ku Joni, kogula kwa munthu amene anatopa nako. Ndakhala ndikuona ana a pamsika pano akusewera zonse ziwiri m'nyengo yozizira ndi m'nyengo yotentha, ndiye zimene ndinene pano zina ndinaziwerenga, zambiri ndinaziona ndili chikhalire ndi sikuludiraiva m'manja.

Wii inatuluka mu 2006, yopangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Nintendo. Padi yake, chimene wosewera amagwira m'manja, si ija ya mabatani ambirimbiri, ndi rimoti yonga ya TV. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa accelerometer, kamene kamamva rimotiyo ikagwedezeka kapena kupendeka, ndipo kunsonga kwake kuli kakamera koona kuwala kwa infrared, kumene maso athu saona. Pamwamba pa TV pamaikidwa kandodo kotulutsa kuwalako mbali ziwiri, rimoti n'kumadziwa kumene yaloza. Basi, matsenga ake ndi omwewo. Koma anthu anapenga nayo. Inagulidwa kupitirira 100 miliyoni, ndipo ambiri ogula anali anthu amene sanagwirepo padi chibadwire, agogo ndi amayi a pakhomo. Anthu ankaponya mkono mwamphamvu moti marimoti ankapulumuka m'manja n'kuswa ma TV, mpaka chaka chomwecho kampaniyo inayamba kusinthira anthu tizingwe ta padzanja, kuwapatsa tolimbirapo.

Anzawo ataona ndalama sanagone. Mu 2010 Sony inatulutsa PlayStation Move, ndipo Microsoft inatulutsa Kinect, imene inachotseratu rimoti: kamera yokha, thupi lako ndiye padi. M'masiku 60 oyambirira Kinect inagulidwa 8 miliyoni, mpaka kulowa m'buku la Guinness. Mu 2013 Microsoft inkagulitsa makina ake a magemu, Xbox One, pamodzi ndi Kinect, ufune usafune. Chaka chotsatira inazilekanitsa poti anthu sankafuna kulipirira kamera yongokhala. Mu 2017 inasiya kupanga Kinect.

A Wapampando, pa pepala lija palembedwa Kinect zinayi. Chinthu chimene eni ake anasiya kupanga mu 2017, wotigulitsayo akachitenga kuti? Chidzakhala cha kaunjika. Kaunjika sindimunyoza, ndavala pano ndi yemweyo, koma shati ikang'ambika telala alipo pa khonde lililonse. Kamera ya Kinect ikafa, ine amene mudzandibweretsere ndilibe poyambira. Ngakhale Wii yanga yomweyi sindingakuuzeni kuti mugule, nayonso anasiya kuipanga kalekale.

Chinapha Kinect ndimachiona m'shopu mwanga mwa njira ina. Mnyamata akabwera koyamba amathamangira Wii. Amamenya nkhonya, amaseka, anzake akukuwa. Sabata isanathe wabwerera ku padi ya mpira ndipo sachokakonso. Ukamufunsa amati: "Uku ndikadina chimachitika chimene ndafuna. Uko chimangoganiza." Wanena zoona. Batani ndi batani, wadina kapena sunadine. Koma mkono ukauponya, makina amachita kulota kuti umafuna chiyani, ndipo amachedwa pang'ono kuyankha. Pa gemu yoseketsa alendo palibe vuto. Pa gemu imene mnyamata akufuna kugonjetsa mnzake anthu akuonerera, kuchedwa pang'onoko ndi chitonzo. Onjezanipo kutopa. Ndi padi munthu amasewera maola atatu atakhala pa benchi. Ndi manja m'mwamba, mphindi khumi zakwana.

Palinso za malo. Kinect imafuna munthu aime pafupifupi mamita awiri kuchokera pa kamera, osewera akakhala awiri malo achulukirepo, ndipo pakati pasadutse munthu. Kuwala kwa dzuwa kolowa mwachindunji kumaisokoneza, poti dzuwa nalo lili ndi infrared. Chipinda chathu chija mukuchidziwa kukula kwake. Kinect zinayi mudzaziika pati? Ndipo kuti zione bwino mudzatseka mawindo, mu Okutobala, pansi pa malata, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40.

Tsopano kwa amene anaseka. Mayi, tulutsani foni yanu, tsegulani chithunzi cha mdzukulu wanu, n'kuigoneka foniyo chammbali. Chithunzi chatembenuka. Chachitembenuza ndi kachipangizo ka mtundu womwe uja ka mu rimoti ya Wii. Kali pafupifupi mu foni iliyonse yamakono imene ndimatsegula. Ana akamasewera gemu ya galimoto pa foni, n'kumaipendeketsa uku ndi uku ngati chiwongolero, ndi luso lomweli. Mapadi a PlayStation akhala ali ndi zomva kugwedezeka kuyambira pa PlayStation 3. Nintendo Switch ya mu 2017 ili nazo m'timapadi take, Switch 2 ya mu 2025 ilinso nazo, pamodzi ndi kena kotchedwa gyroscope kamene kamamva kuzungulira. Osewera magemu owomberana ambiri masiku ano amalozera popendeketsa padi pang'ono chabe, dzanja lili pamwendo, osaimirira n'komwe. Zipewa zija zovala kumaso, zoti munthu azione ngati ali m'kati mwa gemu, sizingagwire ntchito popanda luso limeneli. Ngakhale Kinect sinafe yonse: kampani ya ku Israel ya PrimeSense, imene luso lake linali mu Kinect yoyamba, inagulidwa ndi Apple mu 2013, ndipo njira yofanana nayo, yowaza timadontho ta infrared n'kuyeza mmene tagwera, ndi imene iPhone imazindikirira nkhope ya mwini wake.

Zili ngati mtsinje wa Mwanza m'chilimwe. Mlendo wodutsa pa mlatho amaona mchenga wokhawokha n'kunena kuti mtsinje unauma. Ife eni dera timadziwa kuti ukafukula pang'ono madzi alipo. Chinauma ndi chionetsero chija cha kudumphadumpha patsogolo pa kamera. Luso lenileni linalowa pansi, linachepa thupi, ndipo lili m'thumba la aliyense wa inu. N'chifukwa chake ndikuti ndalama zisapite ku mbali imene inauma.

Mfundo ya bambo aja yakuti makinawa adzutsa ana ndi imene ndikufuna tiitafune bwino, chifukwa ndi imene yalembedwa pamwamba pa pepala ngati cholinga. Ku Houston, ku America, ochita kafukufuku anayesa zimenezi ndipo zotsatira zinatuluka mu 2012. Anapatsa ana Wii kunyumba. Ena anawapatsa magemu osewera ndi thupi, ena magemu okhala pansi, n'kuwaveka tizipangizo toyeza mmene akuyendera kwa masabata angapo. Magulu awiriwo sanasiyane. Ine sindinadabwe nditamva, chifukwa ana anga a pamsika anatulukira chinsinsi mwezi woyamba. Gemu yovina ya pa Wii imangomva dzanja limene lagwira rimoti. Ndiye mwana amakhala pa benchi, mwendo pamwamba pa unzake, n'kumagwedeza dzanja lokha, mapointi n'kumabwera kuposa a mnzake amene akutuluka thukuta. Pa tenisi chimodzimodzi, kungokhotetsa dzanja pang'ono, mpira wapita. Mwana si wopusa. Akaona njira yachidule sadutsa yaitali.

Ndipo tifunsane, ana okhala pansiwo ndi ati? Kodi ndi uyu amayenda mtunda wautali kupita kusukulu, akaweruka n'kukadyetsa ng'ombe? Kapena mtsikana amene wapita kumjigo katatu dzuwa lisanakwere, kapena mnyamata wopalasa bwato ku dambo la Elephant Marsh, kapena wothirira kudimba? Mawu akuti ana angokhala analembedwera ana a m'mizinda ya kutali, okwera galimoto kuchokera pakhomo mpaka pa geti ya sukulu. Alipo ochepa otere kuno, ana a m'nyumba za makampani ndi a pa boma, sindikukana. Koma ochuluka amene adzalowe m'chipinda chija thupi lawo lagwira kale ntchito tsikulo. Akusowa mthunzi, kuwala kowerengera madzulo, ndi malo amene mtsikana angakhale popanda womuvutitsa. Za kuvina ndiye tisachite kunena. Dera la utse ndi likhuba, kumene valimba ikalira ngakhale nkhalamba imataya ndodo, silikusowa kamera yoti iuze mwana kuti wavina bwino.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti sindili ndi oseka? Chifukwa cha azakhali anga.

Azakhali anadwala sitiroko zaka zingapo zapitazo, dzanja lamanja n'kufooka. Kuchipatala anawaonetsa mafizo oti azichita kunyumba, ndipo anawauza tsiku lobwerera. Koma inu mukudziwa mtunda ndi mtengo wa thiransipoti, mukudziwanso mmene munthu wamkulu amagwera ulesi ndi zokweza mkono kakhumi, kutsitsa kakhumi, yekhayekha pakhonde. Anasiya. Tsiku lina anabwera kumsika ndi mdzukulu, anakhala m'shopu mwanga kubisala dzuwa, n'kumaonerera ana akusewera bowling, ija yogubuduza mpira kuti ugwetse timitengo. Mdzukuluyo anawamangirira rimoti padzanja lodwalalo mwa nthabwala. Anaponya, mpira unapita kumbali. Ana anaseka, iwonso anaseka. Anaponyanso. Tsikulo anakweza mkono uja kangapo kuposa mmene anaukwezera sabata yonse, osadziwa n'komwe kuti akuchita mafizo. Anayamba kubwera tsiku la msika lililonse, dzuwa lisanakwere, ndipo ndalama yawo ndinkaikana.

Sindikunena kuti Wii inawachiritsa. Nkhani imeneyi madokotala anaiyesa bwinobwino. Mu 2016 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa odwala sitiroko 141 a ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand. Onse ankalandira mafizo a nthawi zonse. Pamwamba pake ena ankasewera Wii, ena ankasewera makadi, bingo ndi masewera ena a pamanja. Magulu onse awiri manja awo anapita patsogolo, ndipo a Wii sanapose anzawo. Kunena kwina, bawo likanawathandiza azakhali chimodzimodzi, kutola nkhomo ndi kuzigawa m'maenje ndi dzanja lodwalalo. Koma azakhali bawo sasewera, amati ndi la amuna a pansi pa mtengo. Chimene rimoti ija inachita ndi kuwabweretsa, kawiri, katatu, kakhumi. Kwa ine chimenecho si chachabe.

Atsikana nawonso. TV ya mpira ija, chiyambire sindinaonepo mtsikana atakhalitsa. Anyamata amaizinga, ndipo padi ili ndi mabatani oposa khumi amene mwini wake anawaphunzira kwa zaka. Wobwera kumene amangochititsidwa manyazi. Pa Wii palibe katswiri woopsa. Ukadziwa kuponya mwala wadziwa gemu. Atsikana ogulitsa mandasi amasiyira mnzawo beseni n'kulowa awiriawiri, ndipo pa tenisi amawakwapula anyamata omwe aja, poti dzanja la fulaye ndi ntchemberembaye lili kale ndi diso. Mwana wina wosalankhula bwino, amene anzake samusankha pa mpira wa pabwalo, pa bowling ndi mfumu. Phindu la magemu a thupi ndi limenelo: amatsegulira khomo anthu amene padi inawatsekera kunja. Pa pepala lija mfundo imeneyi palibe, pamene ndi yokhayo imene ndingaikire umboni.

Mukatsata cholinga chimenechi, zogula zimasintha zokha. Simufunika makina anayi. Amodzi akwana, a mtundu umene ukupangidwabe ndipo timapadi take tikupezeka mu Limbe kapena kwa oyenda ku Joni. Lero lino ndiye kuti Switch. Nayo ili ndi chilema chake chodziwika dziko lonse, timitengo ta timapadi take timayamba kuyenda tokha tikakalamba, ndipo fumbi la kuno silidzatichitira chifundo. Koma chimenecho ndi chilema chimene ine ndi anzanga okonza mafoni tingathe kuchikonza, bola pa bajeti pakhale kandalama ka zosinthira. Muikenso tizingwe ta padzanja, ndipo lamulo likhale lakuti wosamanga chingwe sasewera, kuti TV ya ndalama za eni isasweke sabata yoyamba.

Za magetsi musazione mopepuka. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Miyezi imeneyo shopu yanga inkayendera kabatire ndi sola imodzi. Wii inkayaka, chifukwa imadya mawati osapitirira 20. Xbox 360, imene Kinect yoyamba imalumikizidwako, mitundu yake yoyambirira imadya kupitirira mawati 100, osawerengera TV. Chulukitsani kanayi. Switch ili ndi batire lakelake ndipo imakwana m'chikwama, zimene kuno si nkhani yaing'ono. Madzi a 2015, a 2019 ndi a Freddy mu 2023 anatiphunzitsa kuti katundu wabwino ndi amene munthu angamunyamule dzanja limodzi, linalo atagwira mwana.

Ndalama zotsala, zimene zidzakhale zochuluka, ndikupempha zipite ku sola ndi mabatire okwanira kuyatsa mababu ndi mafani mpaka usiku, ku mawindo akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ndi siling'i pansi pa malata aja. Popanda zimenezo, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa chipindacho chidzakhala uvuni, ndipo simudzapezamo mwana masana, kaya muli makina kaya mulibe. Ngati mukufunadi kuti ana athamange, bwalo la kuseri lija likufuna kusalaza, zigoli ziwiri za ntchemberembaye ndi mipira. Zimenezo mtengo wake sufika pa Kinect imodzi ndi Xbox yake.

Chinanso, ndipo ichi sichifuna ndalama: nthawi. Mukangotsegula chitseko n'kunena kuti aliyense alowe, anyamata akuluakulu adzalanda chipinda tsiku loyamba, ndipo makina aja adzasanduka a mpira basi. Pakhale masiku a atsikana okhaokha. Pakhale m'mawa umodzi pa sabata wa akuluakulu ndi amene akuchira ku sitiroko, ndipo musanayambe mukapemphe a mafizo a kuchipatala kuti adzaone, anene amene angasewere ndi amene asayerekeze, chifukwa munthu wa miyendo yofooka akhoza kugwa poponya mkono. Azakhali ankasewera atakhala pa mpando. Ine si dokotala, ndipo a komiti nanunso si madokotala.

Ndikudziwa kuti opereka ndalama amakonda chithunzi: ana khumi akudumpha patsogolo pa ma TV anayi, chikwangwani chili kumbuyo. Siling'i sijambulika bwino. Koma amene adzatsale ndi chipindacho alendo atakwera Thabwa kubwerera ku Blantyre ndi inu, a Mfumu, ndipo makina akadzafa anthu adzafunsa inu. Ngati mgwirizano wake ukukakamiza kuti ndalama zigule zamakono zokhazokha, auzeni kuti sola ndi yamakono, ndipo muwaonetse kalata ino.

Musanakumanenso, bwerani kushopu Loweruka likudzali. Bwerani 2 koloko masana, osati m'mawa, kuti mumve mmene nkhonya za pa TV zimakomera pansi pa malata. Bambo amene anabwera ndi ganizo aja abwere, mayi a mkuyu aja abwerenso, ndipo aliyense atenge munthu mmodzi wa kunyumba kwake amene sanagwirepo padi. Simulipira. Mukadzaona makandulo awiri akuyaka pamwamba pa TV dzuwa likuswa mtengo musadzadabwe: khoswe anadya waya wa kandodo kaja chaka chatha, ndipo rimoti imaona moto wa kandulo ngati kuwala komwe kuja. Ndimangotseka fani ya mbali imeneyo kuti asazime.

Ine wanu,
Wokonza mafoni pa msika